Jumbo siyaulere: wosauka akulipira kawiri pamsika

Nkhani ya majumbo yatha zaka khumi ikuzungulira m'makhoti. Boma lidaletsa kupanga, kuitanitsa kunja ndi kugulitsa mapulasitiki opyapyala mu 2015. Makampani opanga mapulasitikiwo adathamangira kukhoti n'kutenga chiletso. Pa 31 July 2019 khoti la Supreme lidagamula kuti boma silidalakwe ndipo lamulolo ligwire ntchito. Ambiri tidaomba m'manja poganiza kuti zatha. Koma ziletso zina zidabweranso, china chikachoka china n'kulowa, mpaka pa 31 January 2025 pomwe bwalo lalikulu la milandu ku Lilongwe lidakana dandaulo la makampani ena omwe amafuna kuti lamuloli liyambe laima. Patangodutsa masiku ochepa, bungwe la MEPA, lomwe limayang'anira za chilengedwe, lidalengeza kuti layamba kukwaniritsa lamulolo.

Papepala nkhondoyi yatha. Koma aliyense amene amagula ndiwo ku Ndirande, ku Mchesi, ku Zolozolo kapena pa okala ya m'mudzi mwawo akudziwa kuti kapulasitiki kopyapyala sikadasamuke. Jumbo ija mwina imabisala pansi pa benchi akamva kuti akuluakulu akubwera, koma kachubu ka mafuta ophikira, kapepala ka shuga, ka mchere ndi ka sopo wa ufa kakulendewerabe poyera.

Anthu ena amati Amalawife ndife osamva. Ine sindikugwirizana nawo. Pulasitiki amene wadzaza ngalande zathu akungoonetsa momwe banja losauka limagulira zinthu: pang'onopang'ono, tsiku ndi tsiku, komanso pamtengo wokwera kuposa umene olemera amagulira. Vuto la zinyalala ndi vuto la m'thumba ndi limodzi. Tikafuna kuthana ndi lina n'kusiya linzake, tidzakhala tikukambabe nkhani yomweyi zaka khumi zikubwerazi.

Chuma cha timachubu

Taganizirani mayi amene mwamuna wake amatchova kabaza, iyeyo amachapa zovala m'nyumba za eni. Ndalama imalowa madzulo, ndipo imalowa yochepa. Akapita kukagula za mgonero amatenga kajumbo ka ufa kamene anthu a m'tauni adakapatsa dzina loti walkman. Amatenga kachubu ka mafuta, mulu wa tomato, mulu wa bonya, kapepala ka mchere, kajumbo ka makala. Akakumbuka za phala la ana m'mawa amaonjezera kapepala ka shuga. Chilichonse mwa zimenezi chili m'pulasitiki wakewake, ndipo zonse pamodzi zimalowa m'jumbo ina yonyamulira. Pofika pakhomo wabweretsa mapulasitiki asanu ndi awiri kapena asanu ndi atatu. Mawa chimodzimodzi. Mkuja chimodzimodzi.

Mnzake amene amalandira malipiro pakutha pa mwezi amakwera galimoto kupita kugolosale yaikulu. Amagula botolo limodzi la mafuta, mapaketi angapo a shuga, thumba la ufa kapena la chimanga, sopo wa mwezi wonse. Pulasitiki amene wabweretsa ndi wochepa poyerekeza ndi katundu amene wagula, ndipo botolo lija likatha limasanduka losungiramo madzi kapena thobwa.

Tsopano tiwerengere limodzi. Manambala awa ndi ongoyerekeza, poti mitengo masiku ano siigona pamalo amodzi, koma mutha kuikapo ya kumsika kwanu. Tinene kuti botolo la malita awiri a mafuta likugulitsidwa K10,000. Wogulitsa akaligawa m'timachubu 40, kalikonse pa K350, apeza K14,000. Ndiye kuti banja logula kachubu tsiku ndi tsiku lalipira K4,000 yapamwamba pa mafuta omwewo, n'kutayanso timapulasitiki 40 pomwe mnzawo wataya botolo limodzi, mwinanso osataya n'komwe. Chitani masamu omwewo pa shuga, pa ufa, pa sopo, pa makala. Onjezeranipo jumbo yonyamulira. Ngati ili pa K100 ndipo mumagula tsiku lililonse, pamwezi ndi K3,000, pachaka K36,500. Ndalama imeneyo imatuluka mwakachetechete, palibe amene amailemba pena paliponse.

Akuluakulu adati pang'onopang'ono ndi mtolo. Mwambiwu timakonda kuunena polimbikitsa kusunga, koma umagwiranso ntchito chammbuyo. Zimene zimatuluka pang'onopang'ono nazonso zimakwana mtolo, kungoti mtolowo amasenza ndi wina.

Sindikunena kuti mayi wa pa okala ndi wakuba, ayi. Iye waguladi timachubu, wataya nthawi kuthira ndi kumanga, amakhala padzuwa tsiku lonse, ndipo nthawi zambiri ndi yekhayo amene amalola kukongoza mpaka Lachisanu. Golosale yaikulu singakupatseni mchere pangongole. Phindu lake ndi limene limadyetsa ana ake. Koma zoona zake n'zakuti umphawi uli ndi msonkho wake, ndipo msonkhowo amautolera m'timapulasitiki.

Chidatifikitsa pano n'chiyani?

Kugula pang'onopang'ono sikudayambe lero, koma zaka zaposachedwazi kwafika ngakhale m'nyumba zomwe kale zinkagula za mwezi wonse. Mu May 2022 kwacha idachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti. Mu November 2023 idachepetsedwanso ndi 44 peresenti, dola imodzi ya ku America n'kufika pafupifupi K1,700 kubanki. Dziko lathu limadalira kunja pa mafuta a galimoto, feteleza, ngakhalenso zipangizo zambiri zopangira sopo ndi mafuta ophikira, choncho kugwa kulikonse kwa kwacha kumafika pa benchi ya tomato pasanathe sabata.

Kenaka kudabwera chilala cha El Niño. Mu March 2024 boma lidalengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi ya njala. Chimanga chidakwera, ndipo chimanga chikakwera zonse zimatsatira. M'miyezi yambiri ya chaka cha 2024 kukwera mitengo kwa zinthu kudakhala kukuposa 30 peresenti, kwa zakudya kokha n'kuposa pamenepo. Mu February 2025 tidaona mavenda a kaunjika akuguba ku Lilongwe mpaka ku Nyumba ya Malamulo, akudandaula kuti mtengo wa belo ukusintha ngati nyengo. K5,000 imene idatuluka mu 2022 anthu akuiopa kuti ndi ndalama yaikulu, lero imatha usanazungulire msika.

Malipiro nawo adakwera, koma mothamanga ngati nkhono. Malipiro otsikitsitsa omwe boma lidakhazikitsa adali K90,000 pamwezi mu 2024, ndipo mu 2025 adafika K126,000. Kafukufuku amene bungwe la Centre for Social Concern limachita mwezi ndi mwezi wakhala akuonetsa kuti ndalama zomwe banja la anthu asanu ndi mmodzi m'tauni limafunika kuti lipeze zofunika zenizeni n'zochuluka kangapo kuposa malipiro amenewa. Ndiponso anthu ambiri salandira malipiro a pamwezi n'komwe. Amadalira ganyu, geni, kabaza. Munthu wotereyu sagula kachubu chifukwa chokonda pulasitiki. Amagula chifukwa ndalama ya lero yathera pomwepo.

Malipiro achiwiri

Mtengo wa pamsika ndi malipiro oyamba. Achiwiri amabwera mochedwerapo, ndipo amagweranso munthu yemweyo.

Lipoti lomwe lidatuluka mu 2019 mothandizidwa ndi UNDP komanso bungwe la Lilongwe Wildlife Trust lidati dziko lino limapanga matani pafupifupi 75,000 a pulasitiki pachaka, ndipo 80 peresenti yake ndi wogwiritsa ntchito kamodzi n'kutaya. Lamulo la 2015 lidaika malire pa ma micron 60, komwe ndi kukhuthala kofanana pafupifupi ndi tsitsi limodzi la munthu. Pulasitiki wopyapyala kuposa pamenepo amang'ambika msanga, sachapika, ndipo otola zinyalala zogulitsa samutola chifukwa salemera pasikelo. Amangouluka ndi mphepo mpaka atapeza ngalande.

Nanga ngalande zimene zimatsekeka ndi za kuti? Si za ku Area 10 kapena ku Namiwawa, komwe zinyalala zimanyamulidwa pageti. Ndi za ku Mtandire, ku Chinsapo, ku Mbayani, ku Bangwe. Galimoto ya khonsolo siifika, misewu yake ndi yopapatiza, ndiye dzala lake ndi mtsinje. Imani pamlatho wa Mudi ku Blantyre kapena wa mtsinje wa Lilongwe pafupi ndi msika wa Tsoka mvula yoyamba ikangogwa, mudzaona nokha zimene madzi anyamula. Ngalande ikatsekeka madzi amalowa m'nyumba, amasefukira m'zimbudzi, amadikha n'kuswa udzudzu. Pulasitiki sayambitsa kolera, koma amathandiza madzi oipa kufika pomwe samayenera kufika. Ndipo tonse tikukumbuka mliri wa kolera womwe udayamba mu March 2022 n'kupha anthu oposa 1,700, woopsa kuposa wina uliwonse m'mbiri ya dziko lino.

Kumudzi malipirowa amabwera kudzera m'khola. Mbuzi ikadya jumbo imene mudali mchere kapena chipisi, pulasitikiyo sagayika. Amaunjikana m'mimba, mbuzi imaonda ngakhale msipu ulipo, mapeto ake imafa kapena kugulitsidwa motchipa. Ophera nyama amazidziwa bwino zimenezi. Gloria Majiga-Kamoto, yemwe adalandira mphoto ya Goldman mu 2021 chifukwa cholimbana ndi mapulasitiki opyapyala, adayamba kukhudzidwa ndi nkhaniyi ataona mbuzi za alimi zikufa motere. Kwa mlimi mbuzi ndi banki. Ndi fizi ya mwana, ndi thumba la feteleza, ndi thiransipoti ya kuchipatala.

Palinso malipiro ena amene sitiwaona. Shuga ndi mafuta ophikira m'dziko muno amayenera kukhala ndi vitamini A, mchere umayenera kukhala ndi ayodini. Vitamini A amaonongeka ndi kuwala kwa dzuwa, ndipo ayodini amachepa mchere ukakhalitsa pamtunda. Kachubu koonekera mkati kamene kalendewera padzuwa masiku atatu sikangafanane ndi botolo lotseka bwino. Kalibe tsiku losonyeza kuti katha ntchito liti, kalibe dzina la amene adapanga, kalibe chizindikiro cha bungwe loona za miyezo la MBS. Pofuna kukatsegula kuti athiremo, ambiri amauzira ndi pakamwa. Kenaka jumbo yomweyo timakoleza nayo mbaula, ana ali pompo akupuma utsiwo. Ena amavundikira nayo mbatata kapena mpunga pamoto. Zonsezi timazichita chifukwa pulasitikiyo ali paliponse ndipo akuoneka ngati waulere.

Malangizo a anthu okhuta

Pa Facebook ndi pawailesi pamakhala akadaulo ophunzitsa bajeti. Uphungu wawo woyamba umakhala umodzi: gulani zambiri nthawi imodzi. Masamu ake ndi oona, tawaona kale. Komanso pamene mitengo ikukwera mofulumira, sopo amene mwagula lero ndi ndalama yosungika bwino kuposa imene yangokhala m'foni. Koma kuuza munthu wopeza ya tsiku limodzi kuti agule za mwezi wonse kuli ngati kuuza wodwala kuti angodzuka.

Choyamba, ndalama ya nthawi imodziyo palibe. Chachiwiri, posungira palibe. Nyumba zambiri zilibe magetsi, nanji firiji. Chipinda chimodzi cha lendi chomwe mumagona anthu asanu sichingasungenso matumba. Kuli makoswe, kuli anankafumbwe, kuli akuba. Chachitatu, ndipo ichi akadaulo aja sanena, katundu wooneka amatha msanga. Botolo likakhala lodzaza dzanja limalemera pothira. Mlamu akabwera n'kuona mapaketi anayi a shuga, simungamubweze chimanjamanja. Woyandikana naye nyumba akatuma mwana ndi kakapu, mukana bwanji pomwe mawa inuyo mudzatumanso wanu? Amayi ambiri amagula kachubu mwadala, chifukwa kachubu kamadziyeza kokha ndipo palibe amene angapemphe gawo lake. Imeneyonso ndi bajeti, kungoti siilembedwa m'buku.

Ndiye tikamakamba zosintha kagulidwe, tiyambire pa moyo umene anthu akukhaladi, osati umene tikadakonda kuti azikhala.

Zimene tikuzidziwa kale

Chosangalatsa n'chakuti njira zambiri zochepetsera pulasitiki si zachilendo kwa ife. Palibe amene amapita kuchigayo akuyembekeza kuti a chigayo amupatsa thumba. Aliyense amanyamula lake, kapena dengu, kapena beseni. Kumjigo ndi pakiyosiki ya madzi timanyamula ndowa zathu. Parafini tinkagula m'botolo lathu. Fanta ndi Coca-Cola wa m'botolo lagalasi ankafuna kuti ubweretse botolo lopanda kanthu kapena usiye ndalama ya chikole, ndipo ana ankatola mabotolo chifukwa adali ndi mtengo. Agogo athu ankapita kumsika ndi basiketi ya mlaza, nsomba n'kukulungidwa m'masamba a nthochi, nyemba n'kumangidwa pakona ya chitenje. Amene timati njira zatsopano za ku Ulaya, zogula m'chotengera chako, ife tidakulira momwemo. Jumbo ndiye mlendo.

Pali zinthu zinayi zimene ndikuona kuti banja lingachite popanda kudikira kuti malipiro akwere.

Choyamba ndi kunyamula chotengera. Chikwama chosokedwa ku nsalu yakale ya chitenje kapena ku thumba la ufa chimatha chaka. Kabotolo koyera kotseka bwino kamalowa m'malo mwa kachubu. Ogulitsa mafuta oyeza alipo m'misika yambiri, ndipo ukabwera ndi botolo lako umaona ndi maso kuti muyezo wakwana. Kakontena ka majarini kotha kamasunga mchere kapena shuga bwino kuposa kapepala. Apa mwapulumutsa ya jumbo ija, ndipo muli ndi pakamwa popempha basera poti wogulitsa sanaononge chubu chake. Chofunika n'kutsuka ndi kuumitsa chotengeracho, chifukwa botolo lakuda lingabweretse matenda amene timathawa.

Chachiwiri ndi kulemba. Osati bajeti ya mizeremizere ya pakompyuta, koma kungolemba kuseri kwa kope la mwana chilichonse chimene chatuluka kwa masabata awiri. Ambiri timadziwa mtengo wa lendi ndi wa fizi, koma sitidziwa kuti mafuta, shuga, makala ndi mayunitsi zimatidyera zingati pamwezi, chifukwa zimachoka mwa K300, K500. Mukaphatikiza mudzaona chinthu chimodzi kapena ziwiri zimene zikukudyani kwambiri.

Chachitatu ndi kuyamba ndi chinthu chimodzi chokhacho. Simungagule zonse za mwezi, koma tsiku limene ganyu yayenda bwino mutha kugula paketi yathunthu ya mchere kapena mugonora wa sopo m'malo mwa kachidutswa. Sankhani zimene sizionongeka: mchere, sopo, nyemba, shuga, machesi. Ndalama imene mukadagulira chinthucho mawa ndi mkuja ndiyo poyambira kugula chachiwiri. Ndipo ngati mukuopa dzanja lolemera lija, gawani nokha kunyumba. Botolo lalikulu libisike, kabotolo kakang'ono ka sabata ndiko kakhale pamoto.

Chachinayi, chomwe ndikuchiona champhamvu kuposa zonse, ndi kugula pagulu. Mutu umodzi susenza denga. Mabanja asanu a pa mdadada umodzi atasonkha, angathe kukaoda chigubu cha malita 20 a mafuta kapena belo la shuga pamtengo wopikulira, n'kugawana aliyense m'chotengera chake. Thiransipoti ndi ya munthu mmodzi. Luso losonkha tili nalo kale. Magulu a banki m'khonde ali pafupifupi m'mudzi uliwonse, chipereganyu chili m'maofesi ndi m'misika, ndipo alipo kale magulu a amayi amene amasonkha chaka chonse n'kugawana katundu wa kukhitchini mu December. Abale athu okhala ku Joni amaona anzawo a kumeneko akuchita zomwezo m'magulu otchedwa stokvel. Chimene chatsala n'kuchita zimenezi mwezi ndi mwezi, pa zinthu za tsiku ndi tsiku, osangodikira Khrisimasi. Zimafuna kukhulupirika, zimafuna kope lolembamo ndi muyezo umodzi umene aliyense wavomereza. Magulu amasweka chifukwa cha msungichuma wothawa, tikudziwa. Koma mavuto omwewo sadaphe banki m'khonde.

Nanga mayi wa pa okala uja adya chiyani anthu akayamba kuoda okha? Funso limeneli ndi lofunika. Yankho langa n'lakuti ogula tsiku ndi tsiku sadzatha, ndipo iye angathe kukhala mwini chigubu chija. M'malo momanga timachubu usiku wonse, aziyeza ndi kakapu m'botolo la kasitomala. Ndalama ya machubu yatsala m'thumba mwake, ndipo sakuopanso kulandidwa katundu.

Mbali ya boma

Banja lingachite mbali yake, koma tisanamizane kuti nkhaniyi ithera kukhitchini. Pulasitiki wopyapyala samera m'munda. Amapangidwa m'mafakitale odziwika, kapena amalowa kudzera m'zipata zodziwika monga Mwanza, Dedza, Mchinji ndi Songwe, enanso m'njira zachidule. Kumeneko ndiye kofunika mphamvu za MEPA, apolisi ndi MRA. Kuthamangitsa mayi wa tomato ndi mnyamata wogulitsa majumbo pa depoti kumaoneka bwino pa kanema, koma kuli ngati kukolopa pansi mpopi uli chitsegulire. Zaka khumi zija sizidatayike chifukwa cha mavenda. Zidatayika chifukwa eni mafakitale adali ndi ndalama za maloya.

Maiko ena a kuno kwathu adatha. Rwanda idaletsa majumbo mu 2008, Kenya mu 2017, Tanzania mu June 2019. Nawonso amavutika ndi ozembetsa, koma amene adafikako ku Kigali amasimba za misewu yoyera. Chimene chidasiyanitsa sikukongola kwa lamulo papepala. Ndi boma losabwerera m'mbuyo, komanso kupezeka kwa zonyamulira zina pamtengo umene anthu angakwanitse.

Apa ndi pomwe ife tikuperewera. Ukachotsa jumbo ya K100 n'kubweretsa chikwama cha K1,500, wosauka wamulanga kachitatu. Boma lingathe kuchepetsa msonkho pa zipangizo zopangira zonyamulira zokhalitsa, lingathe kupereka ngongole kwa matelala ndi oluka madengu, omwe ali m'boma lililonse. Makampani amati chiletso chipha ntchito, ndipo n'zoona kuti kuseri kwa makina aliwonse kuli banja limene likudya. Koma lamulo silidaletse pulasitiki yense. Wokhuthala kuyambira ma micron 60 ndi wololedwa, ndipo makampaniwa adakhala ndi zaka khumi zokonzekera kusintha. Komanso ntchito za telala wa pakhonde ndi woluka madengu wa ku Mangochi nazonso ndi ntchito.

Tichenjerenso ndi mayankho ooneka okongola. Jumbo yokhuthala ikagwiritsidwa ntchito kamodzi n'kutayidwa, ndiye kuti tataya pulasitiki wochuluka kuposa kale. Mapepala amachokera ku mitengo, ndipo mapiri athu ameta kale chifukwa cha makala. Kukulunga mandasi ndi chipisi m'nyuzipepala kapena m'mapepala a mayeso kumasiya inki pa chakudya. Chonyamulira chabwino ndi chimene chibwerera kumsika mawa, kaya chapangidwa ndi chiyani.

Makhonsolo nawo ali ndi ngongole kwa ife. Tsiku lililonse wogulitsa mumsika amadula tikiti. Ndalama imeneyo iyenera kuoneka m'mabini, m'galimoto yonyamula zinyalala, m'mpopi wa madzi pomwe munthu angatsukire chotengera chake. Kumtaya kwa Mzedi ku Blantyre ndi ku Area 38 ku Lilongwe kumangofika gawo chabe la zinyalala za m'mizindayi, zotsalazo zimathera m'mitsinje ndi pamoto. Ndipo poti anthu ambiri amagula zoyeza, a MBS azifika m'misika kudzaona masikelo ndi miyezo, osangothera m'magolosale akuluakulu. Chigoba chophwanyidwa pansi kuti chichepe ndi kuba kumene kumagwera wosauka yekhayekha. Nalo bungwe la CFTC, lomwe limateteza ogula, lingathe kulimbikitsa masitolo kuti azilemba mtengo wa pa kilogalamu kapena pa lita pambali pa mtengo wa paketi, kuti munthu aziona yekha ngati kapaketi kakang'ono kakumupulumutsa kapena kakumudya.

Pomaliza pali makampani akuluakulu amene amapakira sopo, majarini, zokometsera ndiwo ndi zakumwa m'timapaketi ta kamodzi. Iwo adazindikira kalekale kuti msika waukulu m'dziko muno ndi wa munthu wa ndalama ya tsiku limodzi, ndipo amapindula nawo. Timapaketi tawo tambiri sitikhudzidwa ndi mkangano wa majumbowu, koma tili mbwee m'ngalande momwemo. Amene amapindula ndi paketi ayenera kutengako mbali pa mtengo woitolera. Botolo lagalasi lija linkabwerera chifukwa lidali ndi chikole. Palibe chifukwa choti nzeru imeneyo ithere pa galasi.

Tisayeze chipambano ndi milandu

Khoti lidachita mbali yake, ndipo amene adamenya nkhondoyi kuyambira 2015 ayenera ulemu. Koma chipambano chenicheni sitidzachiyeza ndi zigamulo kapena ndi matani a majumbo olandidwa. Tidzachiyeza ndi mafunso awiri. Kodi ngalande ya ku Mbayani ikuyenda mvula ikagwa? Kodi banja lopeza ya tsiku limodzi likugula lita ya mafuta pamtengo woyandikira umene bwana amagulira?

Mafunso awiriwa yankho lake ndi limodzi. Tsiku limene mayi wa ganyu adzathe kugula mafuta oyezedwa bwino m'botolo lake, kapena kugawana chigubu ndi anzake anayi, kachubu kadzasowa wokagula, ndipo sipadzafunikanso wapolisi woti akathamangitse. Pakadali pano, mukamapita kumsika mawa, tengani kachikwama ndi kabotolo. Mukafunsenso anzanu a pa mdadada ngati mwezi uno simungaodere limodzi. Boma nalo tilifunse, mokweza, kuti ndalama ya tikiti ya msika ikupita kuti, komanso kuti mafakitale angati ayenderedwa chigamulo chija chiperekedwere.